Sabata imene ndinapha Tadala

Lolemba

Lero ndayamba buku langa. La zaumbanda, ngati aja ndimagula pamsika, koma lochitikira muno mu Lilongwe. Munthu afe pa tsamba loyamba. Ndasankha kale: Tadala, mwana wa azakhali amene akundisunga kuno ku Area 3.

Ntchito ya pa resepushoni ku City Centre ndinaimva ndine. Ndinamuuza ndine. Makalata athu ofunsira ntchitoyo tinati akasiye iye, anakasiya yake yokha. Ine mpaka lero ndikuyeza nsalu m'sitolo ya amwenye ku Old Town, ndipo mawu oti pepani sanatulukepo pakamwa pake.

M'bukumo ndamutcha Tadalira. Palibe angazindikire.

Njira zomuphera:
- galimoto (ndilibe)
- mpeni (magazi, ndipo wokolopa pakhomo pano ndine)
- mankhwala a makoswe mu tiyi. Basi, yomweyi.

Lachiwiri

Wafa! Wagwa pa kapeti ya kuofesi, wigi uko, iye uko. Ndamuwerengera Esinati, mnzanga wa kusitolo, pa nthawi ya nkhomaliro. Waseka mpaka chipisi kumutsamwa. Kenaka: "Koma ameneyu si Tadala?" Ndakana.

Akuti m'mabuku otere woipa amagwidwa kumapeto. Ndamuuza kuti woipayo ndi amene wafayo, chilungamo chachitika kale pa tsamba loyamba. Akutinso kulandidwa ntchito si chifukwa chokwanira chophera munthu. Esinati analowa ntchito kudzera mwa amalume ake. Angadziwe chiyani?

Lachitatu

Tadala wabwerako kuntchito dzuwa lili pamutu, atagwira pamimba. Kusanza, kutsegula, thukuta.

Tiyi wa m'mawa ndinamupangira ndine, monga masiku onse.

Sindinathiremo kanthu. Ndikudziwa bwinobwino kuti sindinathiremo kanthu. Koma ndapita kukhitchini kukanunkhiza kapu.

Lachinayi

Amugoneka m'chipatala, ali pa diripi. Ndipo Esinati pakamwa ngati wailesi. Wauza mchemwali wake amene amagwira ntchito ya m'nyumba kuseri kwa mpanda wathu, iyeyo wauza agadi athu, agadi auza azakhali za buku lija.

Azakhali andiitanira pabalaza, akuti ndiliwerenge mokweza. Ndafika pa wigi paja, sanaseke.

"Iwe, ukudya zanga uku ukumulembera imfa mwana wanga?"

Ndafotokoza kuti ndi nkhani yopeka, kuti kusukulu tinaphunzira zimenezi. Akuti mfiti nayonso sigwira munthu ndi manja. Tadala akapanda kudzuka, ndilongedze ndibwerere kumudzi ku Nathenje, ndipo akauza mayi anga chifukwa chake. Andiletsa kukhudza ketulo. Shuga amutsekera kuchipinda kwawo!

Lachisanu

Ndikumuukitsa. Mutu wachiwiri: Tadalira sanafe, anangokomoka. Wapolisi wanga wofufuza, amene ndinamukonzera jekete lachikopa ndi mkazi womuthawa, watsala opanda chochita. Angoima pakhomo.

Ndinapita kukamuona. Milomo yauma, maso alowa, wachepa ngati mwana wa pulayimale. Zimenezi sindinkazifuna ayi. Ndinkafuna afe mwaulemu, papepala, kenaka adzuke apite kuntchito yanga ija.

Madzulo azakhali abwera ndi abusa awo. Awerenga zonse, magalasi ali pamphuno, ndipo andisiyira malangizo:
- wothira mankhwalayo alape pamaso pa mpingo
- Tadalira akwezedwe pantchito
- pakhale ukwati woyera

Ndafunsa ngati wolanda ntchito ya mnzake naye alape. Akuti chimene Mulungu anakulembera palibe angakulande. Ndiye kuti iye analemberedwa mpando wozungulira, ine tepi yoyezera zitenje. Kumwamba akalemba ndi madalitso, ndikalemba ine ndi ufiti.

Loweruka

Adokotala anena: ndi saladi wa pa phwando la kuofesi kwawo. Anzake enanso agonekedwa mu wodi yomweyo, ndipo amenewo m'buku langa mulibe.

Ndakhala pabenchi kudikira kuti wina andipepese. Azakhali atuluka akumwetulira: "Waona? Utangosintha nkhani ija, mwana wadzuka."



Pobwera kunyumba agadi andilonjera ndi manja awiri, chipewa chili m'khwapa. Akuti ngati m'bukumo muli malo, ndiwalembereko njinga yamoto, ngakhale yakale. Esinati watumiza uthenga wopepesa, woyamba chimudziwireni, ndipo akufunsa ngati dzina lake lilimo. Sindinamuyankhe. Agone nazo.

Tadala naye wawerenga ali pabedi. Ndemanga yake: "Wigi yanga siigwa choncho. Komanso bwanji wandiveka nsapato zafulati?" Za kalata ija, zii.

Lamulungu

Watuluka. Ku Nathenje sindipita. Koma azakhali akuti mutu uliwonse aziyamba awuona iwo ndisanapitirize.

Buku la zaumbanda lopanda mtembo. Wakupha walapa, akuimba kwaya. Wapolisi ndamupatsa ntchito yoimika magalimoto pa ukwati.

Tabwerako kutchalitchi, azakhali andikhazika pathebulo, iwo kumbuyo kwanga. Akuti mwamuna wa Tadalira akhale wamtali, wosamwa, wa nyumba yampanda ku Area 14. Ndalemba. Galimoto ziwiri. Ndalemba. Aombera m'manja, apita kukagona tulo ta masana.

Za apongozi a Tadalira sanandiuze kanthu. Amenewo ndawapatsa chipinda m'nyumba momwemo, pakamwa ngati panga, ndi moyo wautali.