Tsiku Limene Nyani Anandilanda Thalauza ku Nkhudzi

Nkhani iyi ndikaikumbukira, ngakhale ndili ndekha m'shopu, ndimaphimba kumaso. Koma poti ku Nkhudzi aliyense amaidziwa kale, bola muimve kwa mwiniwakene.

Ine ndimakonza mafoni ku Mangochi Boma. Loweruka lina, dzuwa likuswa mtengo, ndinapita kukaonekera kwa makolo a Esinati, mtsikana amene ndinkafuna kumukwatira. Iye anali atandichenjeza kale kuti amalume ake akandikana, basi zathera pomwepo. Ndiye ndinatchena: shati yoyera, tayi, thalauza latsopano. M'thumba munali zitumbuwa ziwiri zotsala panjira.

Amalumewo, a Chikopa, ndinawapeza akusoka ukonde, uku akukuwiza anyani amene ankaba usipa pathandala.

"Anyaniwa ndi anthu ndithu," anatero. "Angosowa chilankhulo."

Ndikanangoti "eya" zikanatha bwino. Koma Fomu Folo yanga inandiyabwa pakamwa.

"Ayi amalume, munthu amasiyana ndi nyama pa zinthu ziwiri: zovala ndi manyazi. Nyani alibe zonsezi."

"Ohoo," anatero mkuluyo osadzutsa mutu. "Taphunzira lero."

Apongozi anali asanabwere kuchokera kumsika, ndipo ine ndinali thukuta lokhalokha chifukwa cha ulendo. Ndinapempha kukasamba. A Chikopa anandilozera dooko la amuna, koma nditafika ndinapeza asodzi ali piringupiringu. Ine kuvula pamaso pa anthu onsewo? Ayi! Ndinapitirira mpaka ndinapeza malo abata, a miyala yosalala bwino. Sindinadzifunse kuti miyalayo inasalala ndi chiyani.

Ndinavula zonse, ndi kulowa m'madzi. Kukoma kwake!

Potembenuka, ndinaona chinyani chachimuna chikununkhiza thalauza langa. Zitumbuwa zija!

"Iwe! Siya!"

Chinangondiyang'ana ngati kasitomala wosakhutira. Shati chinaiponya m'mphepete mwa madzi, nsapato ina uko ina uko, thalauza ndi kabudula wam'kati chinanyamula, ulendo wa mumtengo.

Ndisanaganize chochita, ndinamva mawu a amayi akubwera, mabeseni ali pamutu. Apa m'pamene ndinazindikira kuti miyala ija ndi yochapira. Ndinali padooko la amayi! Ndinabisala kuseri kwa bango, mphuno yokha ili kunja.

"Kodi shati iyi ndi ya ndani?" anafunsa wina.

Amene anaitola anali mayi ake a Esinati enieniwo. Ndinawazindikira chifukwa ndinali nditawaona pa chithunzi cha mufoni.

"Yoyera, ya tayi... Si ya mlendo wathu iyi? Paja andiuza kuti wapita kukasamba!"

Anayang'ana nsapato zili mbwee, anayang'ana madzi ali zii. Kenako anagwira mutu.

"Mayo ine! Ng'ona! Ng'ona yatenga mkamwini!"

Amayi onse analandira: "Ng'onaaa!"

Abale, ine ndinali m'bango, kumene ng'ona zimakonda. Sindinaganize kuti wodyedwayo ndine. Ndinangomva kuti pali ng'ona, ndipo china chake chinandikhudza pamwendo. Mwina kanali kansomba chabe, sindinafunse.

Ndinavumbuluka m'madzimo ngati bwato la injini, ndikukuwa kuposa onse: "Ili kuti? Ili kuti?"

Ndinakaima pamchenga, maso ndi maso ndi apongozi, ndili mmene ndinabadwira. Kumbuyo kwawo asodzi anali akubwera chothamanga ndi nkhafi, a Chikopa ali patsogolo.

Ndinatola beseni n'kudziphimba. Apongozi anayang'ana kumbali, n'kundiponyera chitenje chimene anabwera kudzachapa.

Kubwalo ndinakakhala nditavala shati yonyowa, tayi ndi chitenje cha maluwa. Mtima unali utandiuza kale kuti Esinati ndamutaya. Zinandiwawa, chifukwa ndinkamukonda zedi.

A Chikopa anatsokomola.

"Bambo, paja munati ziwiri? Zovala ndi manyazi?"

"Eya, amalume."

Analoza mumtengo wa mlambe. Chinyani chija chinali chitakhala phee, thalauza langa chitalikoleka m'khosi, chikumaliza chitumbuwa chachiwiri.

"Zovala zili ndi uyo. Inu mwatsala ndi manyazi. Tsono Esinati timupereke kwa ndani?"

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Apongozi anayankha ali m'khitchini, osatulukira:

"Mpatseni wamanyaziyo, achimwene. Winayo amatibera usipa!"

Kuchipongozi ndimapitabe, koma ndimasambira kunyumba, ndipo nzeru za kusukulu ndimazisiya ku Boma.