Buku la Chiwembu ndi Chitengwa cha Nagama

Lolemba
Sukulu ya mishoni yatseka, ndili kwa apongozi ku Kandeu. Ntchito ya sabata ino: kupempha chitengwa kwa malume ake a Nagama, kuti mkazi wangayu ndipite naye kwathu ku Manjawira. Ukamwini wandikwana. Mowa wopemphera chitengwacho, Nagama waufulula kale.

Koma mutu wanga uli pa kanema uja galimoto ya boma inaonetsa pa Boma. Mzungu wolemba mabuku a chiwembu ali patchuthi, aliyense akumuyesa wakupha, mapeto ake akudzikayikira yekha. Chingerezi chake ndinamva theka. Nanga ine ndilibe mutu? Ndilemba langa!

Lachiwiri
Zofunika m'buku: wofa, womupha, chophera. Mpeni ayi, umadetsa zovala. Ndasankha chiphe, koma sindichidziwa. Ndafunsa alamu anga: "Kodi ndulu ya ng'ona munthu angaipeze kuti?" Andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anyamula khasu, ulendo. Mwano!

Lachitatu
Mzungu uja ankazonda anthu mobisala. Nane ndakhala kuseri kwa nkhokwe ya malume. Zomwe ndaona: akukanda mwendo, akudya mapichesi osapsa, akuwodzera. Munthu wosasangalatsa ngati ameneyu! Komabe mtembo wa m'buku angaukwanitse bwino. Ndamuuza Nagama, wagwira pakamwa: "Inu bambo, zimene mukunenazi mukuzimva?"

Lachinayi
Buku lafika mizere iwiri. Chakudya changa chikubwera pachokha, amuna anzanga akudyera uko. Ulemu wa uphunzitsi umenewo, ndakondwa. Chodabwitsa n'chakuti ndikangoyandikira mbiya ya mowa, achemwali ake a Nagama akuivundikira ndi lichero n'kukhalira pompo.

Lachisanu
Malume atsegula m'mimba. Mudzi wonse maso pa ine! Ndafotokoza kuti ndi mapichesi, ndinawaona ndekha ndili kuseri kwa nkhokwe. Alamu: "Munkatani kuseri kwa nkhokwe?" Funso labwino. Ndabwerera m'nyumba, ndapisa m'matumba a jekete yanga kuona ngati muli kanthu. Mulibe. Komabe mtima sukukhazikika, mayo ine.

Loweruka
Tsiku lopempha. Malume achira, akhala pachikopa, ankhoswe m'mbali. Ndagwada ndi chipanda. Ndipamene ndakumbukira mwambo: wopereka mowa amayamba walawa yekha, kuti onse aone kuti mulibe choipa. Koma ine mphunzitsi wa mishoni, ndipo mkulu wa mpingo waima chapompo, maso ali tong'o. Ndikangolawa, ntchito yatha.

Ndati, "Pepani, ine sindimwa. Yambani ndinu, malume."

Ngakhale nkhuku zaleka kupalasa. Malume akankha chipanda ndi ndodo, pang'onopang'ono. "Mwana wa mlongo wanga apite ndi uyu kumene maso athu safika? Akhala pompano."

Lamulungu
Chitengwa chakanika. Mizere yanga iwiri Nagama wakolezera moto, ndipo sakundilankhula. Mowa uja alamu aupapira wonse, ali moyo, akuimba ingoma kuseri kwa khola. Kutchalitchi ndakhala benchi lonse ndekha.

Malume atumiza mawu: ndidzayesenso chaka chamawa, koma kuyambira mawa ndizikapalira m'munda mwawo, poyera, pamene angathe kumandiona. Chabwino. Khasu andisankhira lobuntha.