Mazira a Amake Lusiya

Lolemba

Ndikumeta ndevu pakhonde, Mayi Rozina a nyumba yoyandikana nafe akulowa pachipata atanyamula bakha wakufa chadodolido. "A Mwalimu, lole ya ufa." Ndi lole ija imapititsa chakudya kwa othawa nkhondo. Bakhayo anangotuluka kukamwa madzi kutsidya kwa msewu.

Ndiye womaliza mwa abakha a malemu mkazi wanga, amake Lusiya. Ena onse anadyedwa pamaliro awo sabata yatha ija. Uyu anapulumuka chifukwa anali kufungatira kukhitchini. Wasiya mazira asanu ndi anayi, akadali ofunda.

Pakhoma pamwamba pa chisa pali timizere ta makala, amake Lusiya ankalemba kamodzi m'mawa uliwonse. Tilipo 14. Anasiya tsiku lomwe tinawatengera kuchipatala, masiku 15 apitawo. Ndiye lero ndi la 29. Buku langa la zoweta, losindikizidwa ku Mangalande, likuti bakha amaswa pa 28. Achedwa kale!

Mayi Rozina anabwera kuno zaka ziwiri zapitazo kuchokera kutsidya kwa malire, mwana kumbuyo, nkhuku m'khwapa. Akuti mdzukulu wa nkhukuyo akufungatira, ndimubwereke. Ndathokoza, ndakana. Bakha kuleredwa ndi nkhuku ine ndili ndi buku?

Zomwe ndasonkhanitsa:
katoni ya mafuta ophikira,
nyali ya galasi,
bulangete,
mbale ya madzi,
tsamba 61.

Lachiwiri

Palibe chachitika. Nyali ikufuka, mazira ada mbali imodzi. Ndikuwatembenuza kuti ade mofanana.

Buku likuti kutentha kuyezedwe. Choyezera ndilibe, ndikugwiritsa ntchito tsaya.

Abambo a mpingo abwera kudzandipepesa, andipeza dzira lili pakhutu, maso otseka. Apemphera nthawi yaitali kuposa pamanda paja, ndipo potuluka anena kuti chisoni chimabwera m'njira zosiyanasiyana.

M'dziramo muli kanthu kakugwedezeka. Ndatembenuka kuti ndiwauze amake Lusiya.

Lachitatu

Tsiku la 31. Tsamba 64 likuti mwana akachedwa, mlimi wanzeru amamuthandiza. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuthandiza ana ochedwa kusukulu, ndiye ntchito yanga. Ndatenga singano m'chitini cha amake Lusiya, ndaboola dzira lija linagwedezeka.

Magazi. Kabakha kathunthu, mlomo, timapazi, koma chikasu chikadali panja pa mimba. Kanatsegula kukamwa kawiri.

Ndakakwirira pansi pa mpapaya. Atsala asanu ndi atatu.

Mayi Rozina anaona zonse ali kuseri kwa mpanda. Sanakweze mawu. "Abakha akuno sanapite ku Mangalande, a Mwalimu. Masabata asanu."

Ndayang'ananso chithunzi cha m'bukumo. Bakha wake ndi woyera, wowongoka khosi ngati bishopu. Wathu anali wakuda, wofiira kumaso, wosalira n'komwe. Zaka zonsezi bukuli lakhala likunena za munthu wina.

Lachinayi

Parafini watha. Kugolosale kulibe, akuti mwina Loweruka. Ndayesa makala, atentha kwambiri katoni, ngodya imodzi yapsa.

Nzeru yatsopano: thupi la munthu ndi lofunda. Ndakulunga mazira m'chitenje cha amake Lusiya, ndamanga pamimba, jekete pamwamba. Kutentha kwa ku Malindi kuno, ine m'jekete!

Nthawi yomweyo amayi a mpingo, asanu ndi mmodzi, ndi mabuku a nyimbo. Akuti ndikuoneka bwino, ndanenepako. Mtsogoleri wawo akuti tigwade. Ndagwada mosamala ngati ngamira. Pa ndime yachiwiri, phu!

Linali losukusa. Nyimbo ili ndi ndime zisanu, aimba zitatu. Mmodzi anatsegula zenera osasiya kuimba. Potsanzikana andilangiza kuti ndichepetse nyemba.

Lina lasweka pomwe ndimadzuka. Atsala asanu ndi limodzi. Amake Lusiya akanaseka mpaka kukhala pansi.

Lachisanu

Ndapita ndekha kwa Mayi Rozina, chipewa m'manja. Sananene kuti ndinakuuzani. Angotenga dengu, aikamo nkhuku, tabwera nayo kukhitchini kwanga.

Nkhukuyo ndi yaing'ono, yopanda nthenga m'khosi, yaukali ngati hedimasitala. Yayang'ana mazira anga akuda ndi mwaye, yandiyang'ana ine. Yakankhira awiri panja ndi mlomo. Ndawabwezera, yandijompha, yawakankhanso. Mayi Rozina awagwedeza pafupi ndi khutu: madzi okhaokha. Atsala anayi.

Posesa pachisa ndasuntha mtondo, ndipo ndaona zomwe ndinalephera kuona Lolemba. Timizere tija tili m'mizere iwiri, tisanu ndi tiwiri uliwonse. Pansi pake pali timitanda titatu, poyambira mizere yomwe sanafike polemba. Iwiri ndi itatu. Masabata asanu, olembedwa pakhoma langa lomwe, ndi munthu amene ndinkamukonzera zilembo m'makalata.



Loweruka

Awiri aboola! Woyamba watuluka yekha dzuwa lisanakwere, wonyowa, wonyansa, wangwiro.

Wachiwiri waboola kabowo, mlomo panja, basi. Akulira. Masana akulirabe, bowo ndi lomwelo. Manja ndawaika m'thumba. Malamulo anga atsopano:
osakhudza,
osatsegula buku,
osayandikira chitini cha singano.

Mayi Rozina afika dzuwa litapendeka, asuzumira, andiyang'ana. "Lachitatu munathamanga. Lero mwaima ngati mtengo."

Anyowetsa chala m'madzi ofunda, apaka pa kachikopa ka m'kati. Kauma gwa, kakumata mwanayo ngati pepala. Andionetsa: mukaona timitsempha tofiira, siyani, sanathe zake. Mukaona koyera kapena kofiirira ngati tsamba louma, ndipo wakhala tsiku lonse pamalo amodzi, ndiye akupempha. Abenthula chigoba pang'onopang'ono ndi chikhadabo, kuzungulira kumutu kokha. Kenako abweza dzanja. Zotsalazo wakankha yekha.

Ndafunsa kuti anaphunzira kuti. Akuti kwawo anali ndi abakha makumi awiri.

Parafini wafika kugolosale.

Lamulungu

Tsiku la 35. Mazira awiri otsala ali zii. Nkhuku yawasiya, ndipo tsopano ndimaikhulupirira.

Ndapita kutchalitchi. Amayi a mpingo andisiyira benchi lonse ndekha.

Pobwera ndapeza khitchini mulibe aliyense. Nkhuku yabwerera kwawo kudzera pabowo la mpanda, tiabakha tiwiri tili pambuyo pake. Ndaitana monga ankaitanira amake Lusiya. Palibe katembenuka. Mayi Rozina akuti tikamera nthenga adzatibweza. Abakhawo sanafunsidwe.

Ndinatenga khala kuti ndimalize mizere itatu ija. Ndalibwezera pa mbaula.

Zatsala: katoni yopsa ngodya, buku lokamba za bakha wina, timizere 14 pakhoma, ndi abakha awiri a amake Lusiya, amoyo, kuseri kwa mpanda.