Mngoni Wokakamira pa Zenera la Linga

Nkhani iyi ndi yamanyazi, koma poti mkazi wanga Nabanda anaifalitsa kale Bembeke yense, bola muimve kwa mwiniwakene.

Tili pachibwenzi, Nabanda ankazengereza kundilola. Ankati ndine wofatsa mopitirira, sindingateteze banja. Ndiye tsiku lina ndinamukweza pa njinga kukaona linga lakale la atsamunda kumapiri kwathu kuno, lomwe analisandutsa myuziyamu.

"Mukuwaona makoma awa?" ndinatero titafika. "Azungu anamanga poopa makolo anga Angoni. Magazi ake ndi omwewa."

Zomwe sindinamuuze n'zakuti ine ndinakulira m'kwaya ya kutchalitchi, kudambwe sindinapiteko. Gule wamkulu ndimamuopa koopsa, chifukwa tili ana ankatiuza kuti wosameta akagwidwa, zake zada.

M'katimo magetsi anali atazima. Tinaona mifuti yadzimbiri, zishango, mikondo. M'chipinda chomaliza munaima chilombo cha gule, chachitali, nthenga kumutu, masanza thupi lonse.

"N'chidole chabe ichi, musaope," ndinatero.

Basi chinagwedezeka. Kenako chinayamba kubwera.

Ndinagwada monga mwa mwambo. "Pepani akuluakulu, ndife alendo."

Chinatsokomola. Apo mtima unachoka. Chinali chitatseka khomo, ndiye ndinalumphira pa kazenera kamene asilikali ankasuzumirapo adani. Mutu unadutsa, mapewa anadutsa movutikira, chiuno chinakana.

"Nanga ine mukundisiyira ndani?" anafunsa Nabanda kumbuyo.

"Inu mungogwada, akazi amawakhululukira!"

Chinthu chinandigwira mwendo. Ndinayamba Tikuoneni Maria mokuwa, mbuzi za panja n'kubalalika.

"Achimwene, musandiponde," anatero mawu aulemu. Anali abambo osamalira malowo. Chilombocho chinalidi chidole cha mitengo, ndipo iwo anachinyamula chakumbuyo kuti akachiyanike padzuwa, poti chinyezi cha ku Dedza chimaoletsa nthenga.

Anandikoka awiri, iwo mwendo uwu, Nabanda winawu. Ndinatuluka, koma thalauza linang'ambika mpaka m'chiuno.

Abambo aja anandiyang'ana, nati, "Linga ili analimanga kuti Angoni asalowe. Wolimbana kuti atuluke, ndayamba kuona inuyo."

Pobwerera anapalasa ndi Nabanda, ine pakaliyala, nditafunda chitenje chake. Tikuyandikira kwawo anati, "Ndikulolani ndithu. Munthu ngati inu sangakhale wopanda womuteteza."

Ukamadzitama ndi magazi a makolo, uziyamba wayeza zenera.