Mchombo Pansi pa Khonde Langa

Usiku wathawu ndinalota, anzanga, ndipo musafulumire kuseka. Mukuwadziwa a Hakizimana, telala uja wa ku Burundi amene takhala naye moyandikana ku Kawale zaka khumi ndi zisanu, khoma limodzi. Lolemba anandipempha kuti, poti ine ndinapitako kusukulu ya madzulo, ndiwalembere kalata ya umboni, chifukwa kwalengezedwa kuti obwera achoke m'tauni pofika Lachisanu. Ndinawayankha kuti ndiganize kaye.

Ndiye m'malotomo anali masana, dzuwa lili paliwombo, lole itaima pakhomo pathu. Munatsika bwana woona za anthu olowa m'dziko, yunifolomu yosita bwino, nati, "Mapepala." A Hakizimana anapereka. Mwadzidzidzi bwana uja anamera nyanga ndi kandevu, nasanduka tonde, nayamba kutafuna mapepalawo limodzilimodzi. Atameza lomaliza anageya nati, "Munthu uyu alibe mapepala. Kwera."

Ndiye anakwera. Koma kamera ya atolankhani, imene inabwera yokha pa miyendo yake itatu, inakuwa, "Atsike! Dzuwa linandithobwa m'maso. Akwerenso." Anatsika, nakweranso, mpaka katatu. "Bambo, konzani nkhope," inatero kamerayo. "Pa nkhani za masana mukhala wozunzidwa, pa za madzulo mukhala wolanda ntchito za eni dziko. Nkhope imodzi ikwanire zonse."

Tenti yophimba lole ija inali yong'ambika. Tonde anati, "Iwe telala, soka apa, mvula ingatinyowetsere katundu." A Hakizimana anatulutsa singano nayamba kusoka ali m'katimo, mosamala ngati ndi diresi la ukwati, uku akundiyang'ana pabowo lomwe linkacheperachepera.

"Aneba, kalata ija?"

Mwadzidzidzi khonde langa linasanduka chipinda choulutsira mawu. Khwangwala wovala kolala yoyera anandilozetsa maikolofoni. "Omvera, tili ndi a Dzimbiri, munthu wophunzira. Apite kapena akhale? Mphindi imodzi." M'ngalande achule ankaimba foni. "Apite! Apite!" Akapuma pang'ono, achule omwewo, "Akhale! Akhale!" Khwangwala ankangogwedeza mutu, nati pulogalamu yakoma lero.

Ndinakonza kukhosi. "Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Lamulo ndi lamulo, ndipo munda wopanda malire sakolola mwini wake. Anyamata athu nawonso ali ndi makina osokera amene akuchita dzimbiri. Komanso..."

Ndiye pansi pa phazi langa panamveka kamawu. "Bambo, mukundiponda."

"Ndiwe yani?"

"Ndine mchombo wa Mwaiwathu, mwana wa telalayu. Akazi anu ndi amene anandikwirira pano, khasu lake linali lanu. Nenani zokhazo basi. Kodi mchombo uli ndi mbali yachiwiri?"

Ndinkadziwa kuti ukunena zoona. Ndinatsegula pakamwa, koma munkangotuluka "komanso" yekhayekha, komanso, komanso, kukhuthukira pansi ngati nyemba za m'thumba lobooka, tonde n'kumatola. Ndinayesa kutseka pakamwa ndi dzanja, mawuwo n'kumatulukira m'mipata ya zala.

"Nthawi yatithera," anatero khwangwala. "Zikomo a Dzimbiri chifukwa cha maganizo okhwima."

Bowo la tenti linali litatsala ngati diso. M'menemo ndinaona diso la aneba anga, losakwiya, longodikira, monga amachitira munthu akabwera kudzayesa suti n'kumachedwa kusankha. Singano inalowa komaliza, bowo linatsekeka, osaonekanso ndi msoko womwe. Lole inaliza injini, khrrr, khrrr, kuima, khrrr.

Ndiye ndinadzidzimuka, kunja kutayera. Phokoso lija linali la makina a a Hakizimana kuseri kwa khoma, akuthamangitsa zovala za eni ake kuti wina asatsale ndi nsalu yodula yosasoka. Pepala loti ndilembepo kalata ija likadali patebulo. Ndinalembapo deti yokha, ya Lolemba. Lero ndi Lachinayi.