Chilolezo Chochitira Zabwino

M'mudzi wina, umene dzina lake tilisunge poopa milandu, munafika gulu la masikauti la anyamata ndi atsikana. Malamulo ake anali osavuta: kukhala wokonzeka nthawi zonse ndi kuchitira munthu chabwino tsiku lililonse.

Poona kuti ana akuthandiza anthu mwachisawawa, Bambo Chikwekwe, amene anapuma ntchito ya ukalaliki, anadzipereka kukhala Mkulu wa Akuluakulu Woyang'anira Ukonzeki ndi Chifundo. Palibe anawapempha. Anasoketsa kabudula wa khaki, nagula wenzulo ndi chidindo, kenako analamula kuti sikauti asachite chabwino chilichonse popanda chilolezo cha komiti. Komitiyo inali iwo ndi alamu awo awiri, ndipo inkakumana Lachinayi lokha.

Zinthu zinayamba kuyenda mwadongosolo. Wothyoka mwendo Lachisanu ankapemphedwa kupirira. Nyumba ina inapsa mpaka phulusa, ana ali pamzere ndi ndowa, kudikira chidindo.

Mtsikana wina wa sitandade 7, Mwatitha, anathandiza mayi woyembekezera kusenza mtolo wa nkhuni Lolemba, popanda chilolezo. Mlanduwo unali waukulu. Bambo Chikwekwe anamuvula mpango wa usikauti wa m'khosi anzake akuona, nauika m'thumba mwawo. Mwanayo analira sabata yathunthu, poti mpangowo anaupeza atavutika miyezi isanu kuphunzira mfundo za chingwe.

Loweruka lina Mkulu wa Akuluakulu ankaphunzitsa perete, akuyenda chafutambuyo kuti aone miyendo ya ana. Kumbuyo kwawo kunali dzenje la chimbudzi chatsopano, lodzala matope. Ana analiona, koma kuchenjeza munthu n'chabwinonso, ndipo fomu ya chilolezo analibe. Phuu! Mkulu uja anagweramo.

Amati fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma uyu analankhula.

"Ana inu, chingwe! Mwaima ngati mitengo bwanji?"

"Chilolezo tilibe, bwana," anayankha anawo, atamenya sawasha ngati asilikali.

Mwatitha, amene ankaonerera perete ali kunja kwa bwalo, anathamangira chingwe. Iye sanalinso sikauti, choncho lamulo silinkamukhudza. Anachimanga pamtengo wa mango ndi mfundo yosamasuka, nayamba kuchitsitsa.

Koma Bambo Chikwekwe, matope ali m'chiuno, anaona anthu atazungulira dzenje. Akulu ngati iwo kupulumutsidwa ndi munthu wamba? Mbiri ya gulu ikanaipa.

"Dikira kaye, mwana iwe!" Anasolola mpango uja m'thumba nauponya kumwamba. "Mwa mphamvu zimene ndinadzipatsa, ndakubwezera usikauti. Vala, anthu aone kuti andipulumutsa ndi ana anga."

Mwatitha anaukutumula mpangowo, naumanga m'khosi mwachifatse. Chimwemwe chinali chosabisika. Kenako anakoka chingwe chija, nachikulunga bwinobwino monga anaphunzirira.

"Iwe! Chingwe chikupita kuti?"

Mtsikanayo anaimika zala zitatu pachipumi.

"Pepani bwana, pano ndine sikauti. Komiti ikumana Lachinayi."