Kasinja wa a Chimwaza

Ukafuna kuyambana ndi malemu a Howard Chimwaza, unkangonena kuti kasinja wawo ndi wa Ajeremani. Basi, tsiku lako lathera pomwepo.

Kasinjayo anamukhoma okha ndi matabwa m'galaja mwawo ku Brampton, pamwamba pa kathirakitala kotchetchera kapinga, kutengera kasinja wamng'ono amene Acheki anapanga koma Ajeremani n'kukamenyera nkhondo yachiwiri ija. Galimoto ya akazi awo, Mayi Lilian, inkagona panja ngati ya mlendo.

“Anapanga ndi Acheki,” ankatero akugogoda thabwa. “Enawo anangolanda, n'kupakapo mtanda wawo. Mbuzi yakuba isintha mwini chifukwa mwaimanga chingwe chatsopano?”

Abusa anayesapo kudalitsa “chida cha ku Germany ichi.” A Chimwaza anawadula pemphero lili pakati, ndipo ameni anachita kudikira kuti mbiri ithe. Wapolisi amene mneba wina anamuitana chifukwa cha kasinjayo anachoka makutu akulira, ataiwala chimene anabwerera.

Koma sinowo, chipale chija cha m'nyengo yozizira, ikagwa, tinkamva phokoso la injini. Kutsogolo kwa kasinja anamangako chitsulo chokankhira, ndipo ankalambula khomo lililonse mumsewu wathu, mutu uli pachibowo cha pamwamba pa kasinjayo, akukalipira aliyense wowathokoza.

Anamwalira mu Januwale. Kwathu amuna pamaliro amakhala panja, koma kuno panja pamaluma ndi kuzizira, ndiye malo athu ndi m'galaja. Mwana wawo Victor anaona kuti malo oika mipando sakukwana. Sanafunse munthu, anangotenga hamala. Ine pofika ndinapeza matabwa ataunjikidwa pamsewu podikira galimoto ya zinyalala, madoda atakhala pamalo a kasinja akumwa tiyi. Mtima unandiwawa, ndipo mpaka lero sindinamukhululukire. Tikanaima! Miyendo tinali nayo.

Kutchalitchi mwanayo anawonjezera chipongwe. Ati, “Adadi ankakonda German tank yawo.”

Tonse tinacheukira kubokosi. Zoona, tinadikira. Munali zii.

Sabata yomweyo sinowo inagwa yofika m'mawondo. Mumsewu munalibe phokoso, aliyense ali wefuwefu ndi fosholo yake. Mneba uja woitana apolisi anandiyandikira n'kufunsa kuti kasinja wa Ajeremani uja ali kuti.

“Wa Acheki!” ndinakuwa mpaka agalu anauwa.

Kenako ndinangogwira fosholo.